ANA A KU CASSACATIZA AKUSOWA NKHANI ZA M'THENGO M'CHINENERO CHAO

CASSACATIZA, Chifunde. Pa chipata cha malire pano pamaima malole ochokera ku doko la Beira, kudikira zikalata kuti aoloke kupita ku Chanida ndi ku Katete m'dziko la Zambia. Munthu akangopatuka pang'ono kusiya mseu waukuluwo, walowa kale m'thengo la mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, lomwe limatsetserekera ku mitsinje ya Luia ndi Capoche. Ana a m'midzi ya kuno amalidziwa thengoli chifukwa ndimo amadyetsa mbuzi, kutola nkhuni ndi kufuna bowa. Chimene ambiri mwa iwo sadziwa n'chakuti kumaiko akutali anzao a msinkhu womwewo amawerenga buku lonena za mtsikana amene anapulumuka yekha m'thengo la chigawo chino cha Tete.

Mtsikana wa pa Cahora Bassa

Bukulo ndi "A Girl Named Disaster", lolembedwa m'Chingerezi ndi mai Nancy Farmer a ku United States, ndipo linatuluka mu 1996. Chaka chotsatira, 1997, linalandira ulemu wa Newbery Honor, umene umaperekedwa ku mabuku a ana m'dziko limenelo. Mai Farmer sanalembe zongomva. M'zaka za m'ma 1970 anagwira ntchito yoyang'anira zomera za m'madzi pa nyanja ya Cahora Bassa, imene inapangika atatseka mtsinje wa Zambezi ku Songo mu 1974. Pambuyo pake anakagwira ntchito yolimbana ndi kashembe ku Zimbabwe.

Mwini nkhani ndi Nhamo, mtsikana wa Chishona wa zaka 11, amene dzina lake litanthauza tsoka. Amai ake anagwidwa ndi kambuku iye ali wamng'ono, ndipo atate ake anathawira ku Zimbabwe atapha munthu. Kolera itagwa m'mudzi, sing'anga ananena kuti mzimu wa wophedwayo ndiwo wakwiya, ndi kuti sudzaleka kufikira Nhamo atakwatiwa pa mitala ndi mbale wake wa malemuyo. Agogo ake aakazi anakana mumtima. Anampatsa tizidutswa ta golide, namuuza kuti athawe usiku pa bwato la msodzi wina womwalira, atsate mtsinje wa Musengezi mpaka kwao kwa atate ake.

Ulendo umene unayenera kutenga masiku awiri unatenga miyezi yambiri, popeza madzi anamkokera m'kati mwa nyanja. Pa zilumba za m'menemo Nhamo anaphunzira kusambira, anachera misampha, analima kadimba, ndipo anakhala pafupi ndi gulu la anyani, kuyang'ana zimene iwo akudya. Chinkhanira chinamluma, njala inamuondetsa, ndipo pofika m'malire anadutsa malo okwiriridwa mabomba. Chimene chinamsunga kuti asapenge ndi kusungulumwa chinali nthano zimene anamva kwa agogo ake, zomwe ankadzisimbira yekha usiku.

Chifukwa chake ana amazikonda

Mabuku a mtundu uwu ndi akale ndithu. "Robinson Crusoe" ya Daniel Defoe inatuluka mu 1719. "Hatchet" ya Gary Paulsen, ya mu 1987, imanena za mnyamata wa zaka 13 amene ndege yake inagwa m'nkhalango ya ku Canada, nakhala masiku 54 ali ndi kankhwangwa chabe. Onsewa amayenda njira imodzi. Munthu amachotsedwa pakati pa anzake, ndipo madzi, moto, chakudya ndi pogona ayenera kuzipeza yekha. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 12 kapena 14, amene wayamba kudzifunsa ngati angathe kuima payekha, amawerenga mosalekeza chifukwa akufuna kudziwa chimene iye akadachita. Aphunzitsi m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito mabuku otere pokopa ana amene kuwerenga kumawatopetsa.

Mwana wa ku Canada kapena ku United States amawerenga zinthu zimene sanazionepo. Wa ku Cassacatiza akadawerenga ngati woweruza. Amadziwa kutchera diwa, kukumba mbewa dzinja likatha, kupaka ulimbo pa nthambi, ndi kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha. Amadziwa kuti masuku amapsa mvula ikayandikira, kuti pa mchenga wa mtsinje wouma munthu akakumba amapeza madzi, ndi kuti mbalame ya nsadzu imatsogolera ku njuchi. Wolemba akalakwitsa nyengo ya chipatso, mwana wotere amgwira pomwepo. Ndipo nkhani ya Nhamo, ngakhale ili ya m'chigawo chino, ndi ya Ashona a kum'mwera kwa Zambezi, miyambo yake ndi maina a mizimu yake si za Achewa a kumpoto kuno.

Nkhani zenizeni zili ndi akuluakulu

Ku Chifunde sikusowa zolemba. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja a m'malire muno anasiya midzi ndi minda naloŵa m'thengo. Ena anaolokera ku Malawi, kumene othawa nkhondo a ku Moçambique anakwana pafupifupi miliyoni imodzi. Ena anapita ku Zambia, kumene msasa wa Ukwimi unatsegulidwa mu 1987 m'boma la Petauke, ndipo ambiri anabwerera kwao mu 1994. Pakati pao panali ana amene anayenda usiku, kubisala usana, osasonkha moto poopa utsi, akudya zipatso ndi mizu. Atabwerera anapeza njira zina zosapondeka chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo dziko lino linalengezedwa kuti lamaliza kuchotsa mabomba odziwika mu 2015.

Mwana amene anali ndi zaka 12 mu 1987 lero wapitirira zaka 50. Amene anawatsogolera m'thengomo, odziwa kupekesa moto ndi timitengo tiwiri ndiponso mizu yoyenera kuivika m'madzi isanadyedwe, akutha mmodzimmodzi. Nzeru zimenezi zinkaperekedwa madzulo pa bwalo, wosimba akuti "padangotero", ana nayankha "tili tonse". Masiku ano wailesi, kanema ndi foni zatenga gawo la madzulowo, ndipo chimene sichilembedwa chimapita kumanda pamodzi ndi mwini wake.

Chinenero chilipo, mabuku ndiwo achepa

Chigawo cha Tete chinali m'gulu loyamba kuphunzitsa ana m'chinenero cha makolo. Pakati pa 1993 ndi 1997 ntchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndi m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'ndondomeko ya sukulu za pulaimale. Koma mwana akadziwa kuwerenga Chinyanja, chimene amapeza kawirikawiri ndi buku la m'kalasi, Baibulo ndi buku la nyimbo. Nkhani yaitali yomusangalatsa pa msinkhu wake imasowa, ndipo luso losagwiritsidwa ntchito limazilala.

Chinyanja chinalembedwapo nkhani zazitali kale. Samuel Ntara wa ku Malawi anatulutsa "Nthondo" mu 1933. Chinenerochi chimawerengedwa ku Tete, ku Niassa, ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, kotero kuti buku lolembedwa ku Cassacatiza lingapeze owerenga ku Katete, ku Mchinji ndi ku Angónia popanda womasulira.

Ntchitoyi ingayambe ndi zinthu zochepa, kope, cholembera, ndi mphunzitsi wotuma ana ake kukafunsa agogo ao mmene anayendera, chimene anadya ndi kumene anagona. Mafumu ndi anyakwawa angathandize kusonyeza okalamba amene akukumbukirabe bwino. Amene angalembe nkhani yotere ayenera kufulumira, akuluakuluwo akadalipo kuti amuongole pamene wasokoneza dzina la mtengo kapena njira ya mtsinje.