Lawi la gasi likasanduka lachikasu

Akatswiri opanga masitovu a gasi ndi injini masiku ano amayamba ayatsa moto pakompyuta. Amaona mmene gasi amasakanikirana ndi mpweya asanayake, ndiponso utsi wotuluka lawi likamavinavina. Mpweya ukachepa, pamatuluka carbon monoxide, poizoni wosaoneka, wosanunkha. Lawi likatentha kupitirira madigiri 1,500, pamabadwa ma nitrogen oxide, opweteka mapapo, makamaka a ana amphumu.

Komatu sitovu amaikonzera chipinda cholowa mpweya. Ife a m'mafamu a ku Ceres ndi De Doorns, kukazizira mu June, timatseka ming'alu yonse ndi nsanza.

Lawi labwino ndi labuluu, abale. Likachita chikasu, mutu n'kumawawa, zimitsani, tsegulani chitseko, ana atuluke. Mbaula isagone m'nyumba. Ndipo zipinda zopanda mazenerazi tikakambirana ndi mabwana chisanu chisanafike.