Chikumbu kapena gulugufe: wolimba ndani m'nkhalango?

Funsani anzanu kuti pakati pa chikumbu ndi gulugufe wolimba ndani, ambiri ayankha osaganizanso: chikumbu basi. Koma ine ndimati tisathamange. M'nkhalango zowirira za ku Congo ndi Cameroon muli zimphona ziwiri zomwe zimasokoneza yankho limeneli.

Choyamba ndi chikumbu cha Goliath. Champhongo chimatalika mpaka masentimita 11, ndipo pamutu chili ndi nyanga yamphanda yogwetsera anzake polimbirana chakudya kapena zazikazi. Mbozi yake imakulira m'nthaka, ndipo ikakhwima imalemera kuposa dzira la nkhuku. Imadya zedi, moti amene amaweta zikumbuzi amaipatsa chakudya cha agalu. Kenako imadziumbira kanyumba kadothi, n'kugonamo chilimwe chonse, kudzatuluka ndi mvula itasanduka chikumbu chonyambita utomoni ndi zipatso zakupsa. Mtundu wina wocheperako, Goliathus albosignatus, umapezekanso kuno ku Malawi.

Chachiwiri ndi Papilio antimachus, gulugufe wamkulu kuposa onse mu Africa. Akatambasula mapiko amafika masentimita 23, kuposa foni ili m'manja mwanuyo. Alibe nyanga, alibe chigoba. Ndiye amapulumuka bwanji? Thupi lake lili ndi poizoni, ndipo mapiko ake ofiirira amawangamawanga akuda amakhala ngati chenjezo kwa mbalame kuti zisayerekeze. Amphongo amatsikira pamatope m'mbali mwa mitsinje kukayamwa mchere, pomwe aakazi amakhala m'mwamba mwa mitengo, saoneka wamba.

Apa ndi pomwe ine ndimagomera gulugufe. Chikumbu chimadalira chigoba ndi nyonga, iye amangoonekera poyera, adani n'kumamulambalala okha.

Komatu nyanga ndi poizoni sizithandiza pamaso pa nkhwangwa. Ku Côte d'Ivoire nkhalango zambiri zinagwetsedwa kuti pakhale minda ya koko, ndipo zikumbu za Goliath za kumeneko zikusowa. Kuwonjezera apo, zikumbu ndi agulugufe otere amagwidwa, kuumitsidwa, n'kugulitsidwa pa intaneti kwa anthu okongoletsera m'nyumba.

Ndiye mukadzaona chikumbu chachikulu chamizeremizere yakuda ndi yoyera chikunyambita utomoni pamtengo, chonde musachiponde kapena kuchitsekera m'botolo. Chijambuleni, chisiyeni. Mtengowonso muusiye uli chiimire, chifukwa ukagwa, wanyanga ndi wamapiko omwe alibe kolowera.