Mutu 6: Babatoni si gitala ya amphawi

Ku Salima, kuyambira pa boma, kudutsa kumidzi yozungulira nkhalango ya Kuti mpaka ku Senga Bay, njinga za kabaza zili ponseponse. Ambiri sadziwa kuti buleki ya njinga ikatha ntchito, waya wake amakhala asanathe. Anyamata amaumasula n'kutulutsamo timawaya ting'onoting'ono, amatenga chigubu cha mafuta kapena poto wakale, chikopa cha mbuzi ndi mtengo wosema bwino, banjo n'kubadwa. M'mutu uno tiona zida zitatu za bandi yakumudzi motsatana: banjo, babatoni ndi ng'oma yopondera.

Koma tiyambe tachotsa bodza limene lazika mizu. Anthu amati oimba awa amapanga okha zida chifukwa chosowa ndalama zogulira "zenizeni". Umphawi ulipodi, koma sufotokoza zonse. Chida chopanga wekha chili ndi liwu lakelake limene gitala ya m'sitolo singatulutse, ndipo nyimbo zinapekedwa motsatira liwulo. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndipo mpaka lero palibe amene analowa m'malo mwake ngakhale zida zamagetsi zadzaza dziko. Kumuuza woimba wotere kuti asinthe chida kuli ngati kuuza msodzi wa bwato losema kuti akwere sitima ya Ilala: adzafika kutali, koma usipa sadzaugwira.

Banjoyo ndi mwana wobwerera kwawo. Inachokera ku zida za kumadzulo kwa Africa zimene akapolo anapita nazo ku America. Kumeneko inadzakhala msana wa nyimbo za bluegrass, makamaka Earl Scruggs atalowa m'gulu la Bill Monroe mu 1945. Kuno inafala ndi asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso amatchona ochokera ku Joni ndi ku Harare. Amalawi sanakopere kaimbidwe kake. Anaikunga mwawomwawo, monganso anachitira Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ndi gitala.

Tsopano babatoni, imene ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa bandi. Ili ndi chingwe chimodzi chokha, khosi lalitali ndi mimba ya ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimenya ndi kamtengo uku dzanja lina likuyendetsa botolo pa waya, ndipo yake imatalika pafupifupi mamita 3. Poti palibe timizere togawa mawu ngati pa gitala, liwu limatsetsereka kuchoka pena kupita pena osaduka. Kutsetserekako ndiko kumavinitsa anthu. Wosadziwa amati chida sichinachunidwe bwino, pamene woimbayo akutsata khosi la munthu. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, anakagwedeza Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ali awiri okha: babatoni, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene.

Apa pali cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri kunyanja. Usiku chinyezi chikatsika, chikopa chimalefuka ndipo babatoni imayamba kulira mogonthera. Wochuna zokuzira mawu amathamangira kukweza besi, zinthu n'kuipiratu. Mankhwala ake ndi moto: chikopa chiwambidwe monga amachitira a gule wamkulu ndi ng'oma zawo. Cholakwa china n'kuloza maikolofoni pa waya m'malo mwa pachikopa, pamene liwu limatulukira. Chachitatu, chowawa kwambiri, n'kuika bandi yotere masana dzuwa likuswa mtengo, anthu asanasonkhane, n'kuilipira ndalama ya thiransipoti basi. Salima yalandirapo zikondwerero zikuluzikulu monga Lake of Stars ndi Sand Music Festival, choncho nkhaniyi ndi ya pakhomo pompano.

Za ng'oma yopondera n'zachidule: isathamange, isatsalire.

Amene akukayikabe akumbukire Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, amene nyimbo yake Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok ataibwereza ndi Patience Namadingo, iye atadutsa zaka 90. Nyimboyo inali ilipo kalekale. Mukapita kukajambula kapena kuitana bandi ya kumudzi, musawapatse gitala yanu. Afunseni nthawi imene chikopa chawo chimalira bwino, ndipo mugwirizane mtengo asanayambe kuimba.