Ku Dzaleka, kukhoza mayeso a Sitandade 8 sikokwanira

Tsiku limene bungwe la MANEB latulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, pasukulu ya pulayimale ya Umodzi Katubza, mumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, pamakhala piringupiringu. Ana amaunjikana pamene pamatidwa mapepala a mayina, chala chikutsika mzere ndi mzere. Amayi ovala zitenje za ku Congo amaima chapatali, kudikira kuti awerenge yankho pankhope ya mwana. Funso loyamba, loti kodi wakhoza, silichedwa. Limene limagonetsa anthu ndi njala ndi lachiwiri: wasankhidwira kuti?

Umo ndi mmene zilili m'Malawi monse. Chichokereni mu 1994 pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ana akhala akuchuluka kuposa malo a Folomu 1, moti mwa okhoza, osankhidwa sakwana n'theka lomwe. Amene achita bwino koposa amapita kusukulu zokomera dziko lonse monga Dedza Government kapena Lilongwe Girls. Otsatira amapeza malo kusukulu zogonera konko za m'boma lawo, ndipo ambiri amathera ku CDSS yapafupi. Otsalawo amangouzidwa kuti akhoza, basi.

Koma mwana wa ku Dzaleka amalowa mu mpikisanowu atasenza katundu wina. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale panali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu Banda. Unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linabweza kumsasa othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, ndipo ana amene ankaphunzira ku Lilongwe anadzapanikizana ndi anzawo m'makalasi odzadza kale.

Ndiye pali nkhani ya chiyankhulo. Kunyumba mwana amayankhula Chiswahili, Chirundi kapena Chinyarwanda. Amene wafika atayamba kale sukulu kwawo anazolowera Chifalansa. Pamayeso akumana ndi mapepala a Chingerezi, kuwonjezera pepala la Chichewa lofunsa miyambi ndi zining'a zimene mnzake wa m'mudzi wa pafupi anazimva kwa agogo ake. Kwa obadwira mumsasa vuto limachepa, pakuti Chichewa amachitola pamsika ndi pabwalo la mpira. Wofika ali ndi zaka 13 ndiye amaona zakuda. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amakhozabe, ena mpaka kusankhidwira kusukulu zapamwamba.

Sukulu ya Umodzi Katubza ndi Dzaleka CDSS zimayendetsedwa ndi bungwe la Jesuit Refugee Service mogwirizana ndi UNHCR ndi Unduna wa Zamaphunziro, ndipo zimalandiranso ana a m'midzi yozungulira. Sekondale imodziyo singameze onse otuluka ku pulayimale. Wosankhidwira kusukulu yogonera naye sanapulumuke: pafunika ndalama ya chakudya ndi malo ogona, yunifolomu, matiresi, sopo, thiransipoti. Kholo lake lamulo sililola kuti lilembedwe ntchito kunja kwa msasa, ndipo chimene limadalira ndi kandalama ka WFP, kamene kakhala kakudulidwa kangapo m'zaka zapitazi. Popanda womulipirira, malo amene mwana anawavutikira amangopita.

Apa m'pamene kusiyana ndi mwana wa ku Mponela kapena ku Ntchisi kumaonekera. Iye akasiyidwa n'zowawa ndithu, koma ali ndi munda wa makolo, atha kupita kutauni kukasaka ganyu, atha kutsamira malume. Wa ku Dzaleka alibe munda, ndipo kuti atuluke mumsasa afunika chilolezo. Njira zochepa zotulukira mu umphawi wa kumeneko, monga thandizo la DAFI lolipirira ophunzira ku yunivesite kapena pologalamu ya WUSC yotengera achinyamata ku Canada, zonse zimafuna satifiketi ya sekondale yokhala ndi mapointi abwino. Wolephera kulowa Folomu 1 zitseko zonsezi zamutsekekera ali ndi zaka 14.

N'chifukwa chake kubwereza Sitandade 8 kuli ponseponse. Mwana wokhoza bwinobwino amabwerera pa desiki lomwelo kuti chaka chamawa dzina lake lituluke pa sukulu, ndipo potero amapanikiza obwera m'mbuyo mwake. Ena amalowa sukulu za pulaiveti zimene mipingo ndi othawa kwawo eni ake atsegula mumsasa, ena makalasi a masana olipira. Atsikana ndiwo amataika msanga, chifukwa chaka chimodzi chongokhala pakhomo chimakwana kuti nkhani ya banja iyambe kukambidwa.

Kunena zoona, mayesowa sakulakwa poyesa ana. Vuto n'lakuti tinawasandutsa sefa yochepetsera anthu chifukwa makalasi a sekondale ndi ochepa. Akuluakulu akamanyadira kuti okhoza achuluka chaka chino, nambala yofunika kuwafunsa ndi ya madesiki a Folomu 1 amene awonjezera m'boma la Dowa.