Wodwala Ali Gone M'nyumba: Mukadandaule kwa Yani?

Inu a ku Chiosya ndi midzi yozungulira, tamverani. M'nyumba zambiri muli nkhalamba kapena munthu wofa ziwalo amene sangathe kudzuka yekha pamphasa. Womsambitsa, womphikira phala ndi womchapira nsalu kawirikawiri ndi mayi mmodzi, amenenso ali ndi munda wake woti alime. Abale ena angobwera Lamulungu kudzazonda, nabwerera. Ichi si chabwino. Khalani pansi ndi mwinimbumba, mugawane masiku. Wodwala wotere ayenera kutembenuzidwa pakapita maola 2 alionse, usiku womwe, kuti angatuluke zilonda pamsana ndi m'chiuno. Kodi munthu mmodzi angathe zimenezi?

Tsono alipo ena othandiza. Mlangizi wa zaumoyo ndi wantchito wa Boma, alandira malipiro, ndipo Boma lifuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale kuti m'madera ambiri anthu ake aposa pamenepo. Koma amayi ndi abambo odzipereka amene ayendera odwala m'makomo salipidwa kanthu. Mukawaona pakhomo, apatseni mpando, musawakalipire ngati aganyu.

Nanga akaleka kubwera? Nanga mankhwala akatha, kapena wina akakuuzani kuti mulipire mankhwala amene Boma lipereka ulere? Ambiri a inu mungong'ung'udza pamjigo, nkhani nithera pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yambani mwafunsa mwiniwakeyo mwaulemu. Kapena njinga yake inathyoka, kapena nayenso ali ndi maliro. Zikapanda kusintha, kauzeni komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi anyakwawa. Akalephera iwo, pitani kwa komiti yoyang'anira chipatala, ndi kwa mkulu wa chipatalacho. Kuyambira chaka cha 2018 m'zipatala za Boma munaikidwa munthu womva madandaulo, dzina la udindo wake ndi Ombudsman. Mukafika ku Mchinji Boma mfunseni. Kudandaula kwa iye nkosalipira.

Popita musanyamule mkwiyo wokha. Tengani kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, ndipo munene tsiku limene anaonedwa komaliza, mankhwala amene anatha, ndi amene munamuuza kale. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni m'kope. Mau akuti "satithandiza konse" ndi ovuta kuwatsata, koma mau akuti "papita milungu 6" ali ndi mutu.

Pomwe pali umphawi woti wodwala agona ndi njala, kumbukirani Mtukula Pakhomo. Ndalama zimenezi zinayambira m'boma lanu lino la Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito. Si onse alembedwa. Koma ngati muganiza kuti banja lotere linadumphidwa, kafunseni ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mutatengana ndi anyakwawa anu.