Cifuwa Cikakana Kutha, Musataye Guia

Kodi mwakhala mukutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa? Musangoti ndi fumbi la ku Moatize. Inde, fumbi liliko. Mgodi waukulu wa malasha unayamba kugwira nchito mu 2011, ndipo anthu a ku Chipanga ankapumanso utsi wootcha njerwa kwa zaka zambiri. Koma cifuwa cotere cingakhale TB, ndipo TB imacira.

Yambani ku cipatala cacing'ono ca kufupi ndi kwanu. Adzakupatsani kabotolo kuti mulavuliremo makhololo. Akapeza TB, mankhwala ndi aulere. Mudzamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Ambiri amasiya pa mwezi waciwiri, ati "ndacira." Ayi, simunacire. Tizilombo tikadali m'mapapo, ndipo tikadzukanso tingakane mankhwala aja.

Nanga akapanda kupeza TB, koma inu mukubanikabe? Apa ndi pamene anamwino amakulemberani pepala lija timati guia. Ndi kalata yokutumizani ku cipatala cacikulu, ku Moatize kapena ku Tete, kumene angajambule cifuwa canu. Guia imauza adokotala zimene anzawo apima kale. Mukafika opanda pepalali, angakubwezeni kapena kuyambanso zonse, ndalama ya chapa yocokera ku Zóbuè itapita pacabe. Ikulungeni mu pulasitiki pamodzi ndi khadi lanu la kucipatala.

Mukalowa kwa adokotala, musacite manyazi. Auzeni nchito zonse zimene munagwirapo: mumgodi, kuphwanya miyala, kuotcha njerwa kapena makala. Nenani zaka zake. Ngati mumasuta fodya, nenaninso. Fumbi la miyala limasiya zipsera m'mapapo, ndipo zipserazo sizicoka ndi mapiritsi. Cimene cimatheka ndi kuteteza mbali yotsala.

Mwina munamva kuti madokotala amatha kuika mapapo a munthu wina. Ndi zoona, zimacitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Koma ndi odwala ocepa kwambiri amene amafika kumeneko, monga ena obadwa ndi matenda ochedwa fibrose quística, amene amadzaza mapapo ndi makhololo olimba. Ndipo wolandira mapapowo amamwa mankhwala moyo wake wonse.

Musanatuluke, funsani kuti: "Adokotala, matenda anga dzina lake ndi ciyani? Ndibwerenso liti?" Apempheni akulembereni tsikulo pa pepala ndi zilembo zazikulu, kuti mukawerenge nokha kunyumba.