Akalemba pepala lomaliza alowera kuti? Maloto a ana a Fomu 4 ku Mulanje

Mwezi wa June ukamapita kumapeto, chiperoni chimatsika m'phiri la Mulanje ndi kamvula kake kowaza, ndipo anthu amalawirira kukagona. Koma m'tinyumba ta lendi tozungulira sukulu za sekondale, kaya ndi ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Nkando, kuwala kwa tochi kumatulukirabe pansi pa chitseko mpaka tambala woyamba. M'katimo muli ana a Fomu 4. Wina wafunda chitenje kumutu, mapazi waviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamube. Mnzake akuloweza chapansipansi ziwalo za mtima, chala chikuyenda pa kope lomwe chikuto chake chinathothoka kalekale. Pakona pali mbaula yozima ndi kapoto ka nandolo wotsala masana. Mayeso a MSCE, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, afika pakhomo.

Munthu wowaona ali mu yunifolomu atandanda pa mzere m'mawa angaganize kuti anawa ndi amodzimodzi. Si choncho ayi. M'kalasi ya Fomu 4 simulephera kukhala katswiri wa masamu yemwe mphunzitsi akangotuluka amatola choko n'kupitiriza pomwe pasiyidwa. Mumakhala mtsikana wolankhula mosadodoma, amene pa mtsutso wa m'Chingerezi amasowetsa anyamata chonena, ndipo madzulo ndi yemweyo wotsogolera mapemphero a SCOM kapena YCS. Mumakhala wa zisudzo, wa kwaya, goloboyi wa timu ya sukulu, komanso wina wofatsa wa mpando wakumbuyo amene anzake amadzamudziwa tsiku lomwe zotsatira za mayeso oyeserera zamatidwa, dzina lake lili pamwamba.

Kunja kwa mpanda wa sukulu ali ndi moyo wina umene sulembedwa pa lipoti. Mnyamata wa ku Likhubula amadziwa njira zokwerera ku Chambe ndi ku Lichenya kuposa mapu a m'buku, ndipo amalakalaka tsiku lomwe adzathamange nawo mpikisano wa Porters Race. Mtsikana wa ku Muloza amathandiza mayi ake geni pa msika wa Limbuli, amawerengera makwacha ndi ndalama za ku Mozambique pamtima, ndipo Chipwitikizi chotsatsira malonda amachitha. Wina ndi wovina tchopa, mwezi wa October sasowa ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ambiri mvula ikayamba amatchola tiyi m'munda wa makolo asanapite ku sukulu, kapena kupalasa kabaza Loweruka kuti apeze ya sopo ndi makope.

Mukawafunsa zomwe akufuna kudzachita, mayankho amabwera mwachangu ndipo amafanana: unamwino, uphunzitsi, usilikali, upolisi. Amene amakhoza bwino m'kalasi amatchula udokotala kapena uloya. Izi n'zosadabwitsa, chifukwa mwana amalota ntchito yomwe waiona ndi maso. Namwino amamuona ku chipatala cha Mulanje Mission ndi cha pa boma, mphunzitsi amakhala naye tsiku lonse, wapolisi amakumana naye pa chipata cha Muloza.

Chondidandaulitsa ine n'chakuti ntchito zina zili m'boma lomweli koma anawa sazitchula. Ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi a Tea Research Foundation of Central Africa, komwe akatswiri a sayansi ya mbewu amapanga mitundu yatsopano ya tiyi. Ku Bondo, madzi a mtsinje wa Lichenya amapukusa makina a bungwe la MEGA n'kuyatsa magetsi m'midzi. Mafakitale a tiyi a Lujeri ndi Eastern Produce amafuna amisiri a makina, a magetsi ndi owerengera ndalama. Phiri lenilenilo, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse mu July 2025, ndipo likufuna odziwa za nkhalango, za mkungudza womwe ukutha, ndi za alendo. Maphunziro a zankhalango ndi zokopa alendo alipo ku Mzuzu University, a zaulimi ku LUANAR. Koma mwana amene amadutsa m'minda ya tiyi tsiku ndi tsiku amangodziwa kuti ntchito ya ku esiteti ndi ya dengu kumsana, poti palibe amene anamulowetsapo m'fakitale kuti aone zina.

Maloto onsewa amakayezedwa ndi mapointi. Phunziro lililonse la MSCE limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pomwe 9 ndi kulephera. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wachita bwino, choncho wokhoza koposa amapeza mapointi 6. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Mwana atha kupeza 1 pa masamu, koma akapeza 7 pa Chingerezi ulendo wa ku yunivesite wathera pomwepo mpaka atabwereza.

Mu 2023 ndi mu 2024, pa ana 100 alionse olemba MSCE m'dziko muno amene anakhoza anali pakati pa 54 ndi 55. Mwa okhozawo, opeza malo m'mayunivesite asanu ndi limodzi a boma ndi kagulu kochepa. Ndipo anawa sayambira pamodzi. Wa ku Providence Girls kapena ku Mulanje Secondary amagona pa sukulu, amakhala ndi nthawi yoikika yowerenga madzulo, ndipo zipangizo za sayansi amazigwira ndi manja. Mnzake wa ku CDSS, sukulu zoyendera zija zomwe zinabadwa kuchokera ku ma MCDE chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi zambiri amayenda mtunda wautali, amagawana buku limodzi ndi anzake angapo, ndipo m'sukulu zambiri zotere mulibe chipinda choyeseramo za sayansi. Ena mwa anawa anali ku sekondale kale pomwe namondwe wa Freddy anakokolola midzi, milatho ndi minda mu March 2023, makalasi n'kusanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Pepala la mayeso likabwera limakhala limodzi kwa onse.

Sukulu zambiri masiku ano zimachita mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4. Pamakhala magauni obwereka, mpunga wa nkhuku, zithunzi za pa foni, ndi makolo akufupa ana awo. Ndi tsiku labwino, ndipo anawo n'ngoyenera kusangalala. Koma likadutsa, pepala lomaliza likalembedwa mu July, palibenso belu lowaitana.

Apa ndi pomwe Mulanje imatayira ana ake ambiri. Zotsatira za mayeso zimatuluka patapita miyezi ingapo. Kenaka bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kusankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, limaitanitsa makalata ofunsira malo, ndipo mayina a osankhidwa amadzatuluka patapitanso miyezi ina. Kuchokera tsiku lomwe mwana waika cholembera pansi kufika tsiku lomwe akalowe m'kalasi ya ku koleji, chaka chimatha, nthawi zina kuposerapo. Miyezi yoyambirira ya kudikiraku ndi ya chilimwe, pomwe tiyi saphuka kwambiri ndipo maganyu amasowa. M'boma la anthu oposa 680,000 malinga ndi kalembera wa 2018, pomwe malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi, munda wa pakhomo sukwana kuti mnyamata wa zaka 19 ayambirepo ulimi wakewake. Ndiye wina amawoloka kupita ku Milange kukasaka ganyu, wina amatsatira mchimwene wake ku Limbe kapena ku Joni, wina amatenga njinga yamoto ya bwana n'kuyamba kabaza. Kwa atsikana amayamba kubwera ofunsira. Malamulo a dziko lino, kuyambira mu 2017, saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma mtsikana womaliza Fomu 4 nthawi zambiri amakhala atakwanitsa kale zakazo, ndipo chomuteteza chimakhala chiyembekezo chokha chakuti sukulu ikupitirira.

Kufunsira malo pakokha ndi mayeso ena. Fomu ya NCHE imafuna intaneti, ndalama yolipira, komanso nzeru posankha maphunziro. Mwana wa mapointi 18 amene walemba udokotala ku KUHeS ndi uloya ku UNIMA basi amatsala, pomwe mnzake wa mapointi omwewo amene anafunsa kwa odziwa n'kusankha maphunziro opikisana anthu ochepa amatengedwa. Safunsa anadya phula, koma mwana wa kumudzi yemwe m'banja mwawo palibe anafikako ku koleji akafunse kwa yani?

Chikhalirecho makomo ena ali pafupi. Ku Mulanje Mission kuli koleji ya unamwino ndi uzamba, ndipo ina ya Holy Family ili ku Phalombe. Yunivesite ya MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ku Ndata m'boma loyandikana la Thyolo, ndipo pakati pa maphunziro ake pali a zanyengo ndi a kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, zinthu zomwe mwana wa m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo safunika kumuuza kufunika kwake. Makoleji a aphunzitsi a pulayimale ali ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, Catholic University ili ku Nguludi, ndipo wofuna luso la manja atha kufunsira kudzera ku TEVETA n'kukaphunzira ku Soche kapena ku Nasawa. Makolo ena amaonabe umisiri ngati njira ya olephera. Akulakwitsa, chifukwa wowotcherera zitsulo kapena wokonza magetsi a dzuwa amayamba kudzidalira mnzake wa digiri akadali kuyenda ndi envulopu m'maofesi.

Za ndalama nazo n'zofunika kuzidziwa msanga. Kuyambira mu 2015 pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira ovutika a m'makoleji, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ngongoleyi simabwera yokha, imafuna kufunsira m'nthawi yake, ndipo si onse ofunsa amene amalandira. Banja lomwe likuyembekezera kuti mwana asankhidwa liyambe kusunga kangachepe ka thiransipoti, chikwama ndi lendi zotsatira zisanatuluke.

Ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Shire Highlands, yoyang'anira sukulu za sekondale za ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, ili pa boma la Mulanje pomwepa. Kwa iwo ndi kwa aphunzitsi akuluakulu pempho ndi ili: nkhani ya ntchito ndi makoleji iyambe ana ali Fomu 2, asanasankhe maphunziro a Fomu 3, chifukwa mtsikana amene wasiya Chemistry ndi Physics wadzitsekera yekha khomo la unamwino osadziwa. Ndipo inu amene munaphunzira ku Mulanje n'kukhala anamwino, mainjiniya ndi amisiri m'tauni, mukabwera kumudzi musangofikira pa maliro ndi pa ukwati. Pitani pa CDSS ya kwanu Lachisanu masana, mukakhale ndi a Fomu 4 ola limodzi, muwaonetse kalembedwe ka fomu ya NCHE, ndipo muwasiyire nambala ya foni.